Masabata awiri ogona ndi mbaula

Mashopu ambiri mu Limbe amakhala asanatsegule, koma pakhonde la shopu ina yogulitsa zakudya za ziweto pamakhala pataima kale anthu, malisiti ali m'manja. Galimoto ikangofika, phokoso limamveka chitseko chisanatsegulidwe. Amakhala anapiye mazanamazana akulira m'makatoni obowolabowola. Katoni iliyonse ili ndi zipinda zinayi, chipinda chilichonse anapiye 25, onse pamodzi 100.

Pakati pa anthu odikirawo pamakhala mayi wina wa ku Machinjiri amene wakhala akuweta nkhuku zoyera kuseri kwa nyumba yake kwa zaka zoposa khumi. Ena akangolandira katoni amathamangira minibasi. Iwo ayi. Amaika katoniyo pamthunzi, n'kuvundukula, n'kunjuta pomwepo kuti aone katundu wawo.

"Ndimayamba ndawerenga, achimwene, chifukwa ukafika kunyumba n'kupeza kuti akupelewera, ukadandaulira ndani? Kenako ndimatola mmodzimmodzi n'kumutembenuza. Pamchombo pazikhala pouma ndi potseka, osati ponyowa kapena potuluka kanthu kakuda. Maso akhale otseguka bwino, miyendo yowongoka, nthenga zouma. Mwanapiye wabwino ukamugoneka chagada m'dzanja amadzigubuduza nthawi yomweyo n'kuimirira. Amene wangokhala ndwii pakona, maso ali tsinzi, ameneyo ndimamuonetsa wogulitsa tisanasiyane."

Akatero amakwera minibasi, katoni ili pamiyendo, osati kumbuyo kumene kumapanikizidwa matumba a ufa. Kabaza wa njinga yamoto samufuna pa tsiku limeneli chifukwa cha mphepo ndi mabampu. Mwanapiye amabadwa ndi kamba wake m'mimba, yolika ya dzira imene yatsala, ndipo imatha kumusunga mpaka masiku atatu asanadye kanthu. N'chifukwa chake anapiye amatha kuyenda ulendo wochokera kutali ali moyo. Koma ludzu ndi kutentha sizidikira masiku atatu. Katoni ikakhala padzuwa la Okutobala pa depoti ya Wenela kwa ola limodzi, mwini wake amakafika kunyumba ali ndi maliro.

Anapiye a tsiku limodzi amene amagulitsidwa mu Blantyre amachokera ku makampani oswetsa mazira monga Charles Stewart, Central Poultry ndi Proto, kudzera m'mashopu awo kapena kwa maejenti. Kawirikawiri munthu amalembetsa n'kulipiriratu, kenako amauzidwa tsiku lodzatenga. Dzira limatenga masiku 21 kuti liswe, choncho palibe kampani imene ingaonjezere anapiye lero chifukwa choti anthu achuluka pamzere. Nyengo ya Khirisimasi ikamayandikira aliyense amafuna anapiye sabata yomweyomweyo, ndipo wochedwa kulembetsa amauzidwa kuti adikire.

Apa ndi pamene pagona luso la mayiwa. Iwo sawerenga kuyambira tsiku logula. Amayambira tsiku logulitsa n'kumabwerera m'mbuyo.

"Buloyila imakhwima pa masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. Ndiye ngati ndikufuna kugulitsa pa 23 Disembala, anapiye alowe m'khola chapakati pa Novembala, kutanthauza kuti ndalembetsa mu Okutobala. Miyezi ina yonse ndimaonetsetsa kuti nkhuku zikhwime kumathero a mwezi, anthu atalandira. Zikakhwima pa 12, ndani akugule? Zimangodya, ndipo chimene zikudyacho ndi phindu lako."

Mtengo wa mwanapiye, akutero mayiwa, ndi umene umapusitsa anthu oyamba kumene. Munthu amatenga ndalama ku banki mkhonde, n'kugula anapiye 200 ndi thumba limodzi la chakudya cha sitata, akuganiza kuti zina ziziwoneka m'tsogolo. Sabata yachitatu ikafika, nkhuku zayamba kudya ngati dzombe, m'thumba mulibe kanthu. Pamenepo amayamba kusakaniza chakudya ndi madeya a kuchigayo kuti chichuluke, nkhuku n'kupinimbira. Mabuloyila 100 amadya matumba a makilogalamu 50 okwana asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu kuti afike pogulitsa, kuyambira sitata, gulowa mpaka finisha. Pa ndalama zonse zolowa m'khola, chakudya chokha chimatenga pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Ndipo chakudyacho ndi chimanga ndi soya, ndiye zikakwera pamsika, thumba nalo limakwera. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, makola ambiri m'matauni anakhala opanda kanthu. Mayiwa sanatseke, koma anatsika kuchoka pa 200 kufika pa 100, nambala imene akanatha kuidyetsa mpaka kumapeto osakongola.

Anaphunzira movutika kuti mwanapiye sagulidwa paliponse. Chaka chawo chachiwiri, atalephera kupeza malo pamndandanda, anakumana ndi mnyamata wina m'mbali mwa msewu ali ndi katoni ya anapiye oyera bwino, mtengo wake theka la wa kushopu.

"Ndinati Mulungu wandiona. Ndinagula 60. Sabata yachinayi ikukwana, anzanga nkhuku zawo zili phwamwamwa kulemera, zanga zikungothamanga m'khola, miyendo itali, malipombo atayamba kufiira. Anali atambala a mtundu wa nkhuku za mazira. Ndinawadyetsa miyezi itatu, ndipo ndalama ya chakudya sinabwerere."

Zimenezi zimachitikira anthu ambiri. Kumene amaswetsa nkhuku za mazira, theka la anapiye limakhala atambala, amene saikira komanso sanenepa msanga. Pa tsiku loyamba munthu wosazolowera sangawasiyanitse ndi mabuloyila. Kugula atambala otere si kulakwa ngati munthu akudziwa chimene wagula ndipo ali ndi bwalo loti azikatola okha. Choipa n'kuwagulitsa ndi dzina la buloyila. Mitundu ya mabuloyila imene imadziwika kwambiri kuno ndi Cobb 500 ndi Ross 308, ndipo wogulitsa woona sachita chibwibwi ukamufunsa mtundu, tsiku limene anapiye aswa, ndi katemera amene alandira kale.

Khola la mayiwa ndi la njerwa zofika m'chiuno, pamwamba waya, denga la malata. Nkhuku zikatha, amakokolola zitosi zonse, zimene anthu a madimba amadzagula m'matumba, n'kutsuka, kupopera mankhwala, n'kulisiya lopanda kanthu masabata awiri. Utuchi amakatenga kwa akalipentala a ku Ndirande, ndipo amasankha wopala ndi puleni, osati wosalala ngati ufa wochokera ku macheka, chifukwa umenewo anapiye amaudya n'kutsekeka m'mimba. Pakati pa khola amazunguliza makatoni kuti pakhale kabwalo kopanda ngodya. Anapiye akazizidwa amaunjikana pangodya, ndipo apansi amafa ndi kupanikizika.

Tsiku lofika anapiye, mbaula imakhala itayaka kale m'mawa kuti utuchi ufunde. Madzi amayamba, osakaniza ndi mavitamini kapena shuga pang'ono, ndipo mayiwa amagwira anapiye angapo n'kuviika milomo yawo kuti enawo aonere. Chakudya amawaza pa mapepala ndi m'zivundikiro za makatoni. Madzulo amatola anapiye khumi n'kuwagwira pachithokomiro. Chikakhala chodzaza ndi chofewa ngati phala, ndiye kuti adya ndipo amwa. Chikakhala cholimba, adya koma madzi sanawapeze. Chopanda kanthu, pali vuto.

Kutentha kofunika sabata yoyamba ndi madigiri 32 mpaka 35, kenako kumatsika pang'onopang'ono sabata ndi sabata. Mayiwa alibe choyezera. Amawerenga anapiye eni akewo.

"Akaunjikana pafupi ndi mbaula akulira mokweza, azizidwa. Akathawira kumakatoni, milomo ili yasa, mapiko atatambasula, moto wachuluka. Akakhamukira mbali imodzi, pali mphepo ikulowa penapake. Koma akabalalika ponseponse, ena akudya, ena atagona ngati afa, kulira kwake kwapansipansi, pamenepo nanenso ndimakagona. Koma si tulo tenitenitu ayi. Ndimadzuka 11 koloko, 2 koloko ndi 4 koloko. Masabata awiri oyamba sindigona kumaliro, ndimangokapepesa masana n'kubwerera."

Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta Blantyre, makala amatha kuwirikiza. Ena amagwiritsa ntchito mababu otenthetsa, ndipo iwonso anawayesa. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi ankathima maola ambiri, ndipo kuyambira pamenepo mbaula sinachokenso m'khola mwawo. Komabe mbaula ili ndi ngozi yake. Makala amayatsidwira panja mpaka utsi utatha ndipo makalawo afiira, ndipo ngakhale kuzizire bwanji, masaka otchinga mawindo satsekedwa mpaka pamwamba. Mpweya wa makala umene umapha anthu ogona m'nyumba yotseka ndi womwewo umene umapha anapiye, ndipo sumveka fungo.

Pa matenda, dzina limene mlimi aliyense amaliopa ndi chitopa, chimene ena amati chideru. Chimakonda miyezi yotentha, ndipo chikalowa m'khola losatemera chimatha kusesa nkhuku zonse m'masiku ochepa. Chilibe mankhwala ochiza. Chachiwiri ndi Gumboro, amene amagwira anapiye a masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi. Mayiwa amatsatira masiku a katemera amene alembedwa pa pepala lochokera kumene agula anapiye, ndipo akakayika amafunsa alangizi a ziweto. Katemera wa LaSota amakamutenga mu fulasiki muli madzi oundana, chifukwa akatentha m'minibasi amafika atafa. Madzi a pampopi amawatunga dzulo lake n'kuwasiya osavundikira kuti kolorini achoke, popeza naye amapha katemera. Nkhuku amazimana madzi ola limodzi kapena awiri kuti zikapatsidwa zimwe zonse msanga. Kwa amene ali ndi nkhuku zachikuda pabwalo, kuli katemera wa I-2, wopangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Ameneyu amapirirako kutentha, amadonthezedwa m'diso, ndipo amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse.

Pali chizolowezi china chimene chafala m'makola a m'tauni chimene chiyenera kutidetsa nkhawa tonse odya nkhuku: kuthira maantibayotiki m'madzi tsiku ndi tsiku, nkhuku zisakudwala, mpaka m'mawa wogulitsa. Paketi iliyonse imalemba masiku oyenera kudikira nkhuku isanaphedwe, koma owerenga ndi ochepa. Mayiwa amati nkhuku zimene amagulitsa ndi zomwezo zimene adzukulu awo amadya, choncho utuchi wouma ndi madzi oyera ndiwo mankhwala awo oyamba. Pakhomo la khola pali beseni la mankhwala opondamo, ndipo wogula salowa. Amaloza ali panja, iwo n'kumugwirira.

Si aliyense wobwera kudzafunsa nzeru amene amalangizidwa kuweta mabuloyila. Mtsikana wina wa kutchalitchi kwawo, amene amagwira ntchito m'tauni kuchoka m'mawa kubwera usiku, mayiwa anamuuza mosabisa kuti, "Mwanangu, iwe anapiye a tsiku limodzi akufera. Funa za Mikolongwe." Nkhuku zakuda zimenezi dzina lake lenileni ndi Black Australorp, mtundu wochokera ku Australia, koma Amalawi anazitcha dzina la malo a boma a Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, kumene zakhala zikuswetsedwa kuyambira m'zaka za m'ma 1950 pofuna kukweza nkhuku za m'midzi. Malo ena otere ali ku Bwemba ku Lilongwe ndi ku Choma kufupi ndi Mzuzu. Mwambo wake unali wozigulitsa zili ndi masabata asanu ndi limodzi, zitadutsa kale nyengo ya mbaula. Zimapereka mazira ndi nyama, zimatola zokha pabwalo, ndipo sizifuna kulondera usiku. Masiku ano kwabweranso mitundu ina yofanana nazo ntchito monga Kuroiler ndi Sasso. Nkhuku za mazira zenizeni, maleyazi, n'za munthu wa mpamba wautali, chifukwa zimadya masabata 18 mpaka 20 dzira loyamba lisanaoneke.

Msika wa mayiwa si waukulu: anyamata awiri a chiwaya pa siteji, mayi wina wophika pa maukwati, ndi anthu a m'dera lawo amene amauzana pa WhatsApp. Asanapite ku Limbe kukalembetsa, amayamba aimbira anthu amenewa kuti adziwe nkhuku zingati zili ndi mwini kale. Ngongole anasiya, kupatula kwa anthu awiri kapena atatu amene sanawagwiritsepo fuwa la moto. M'kope la sukulu amalembamo chilichonse: tsiku lofika anapiye, thumba lililonse lotsegulidwa, makala, katemera, thiransipoti, ndi mwanapiye aliyense wakufa. Pa 100, akafa atatu kapena anayi amati ulendo wayenda bwino. Akapitirira asanu sabata yoyamba, amatenga akufawo m'jumbo kupita nawo kwa a vetenale tsiku lomwelo.

Gulu la anapiye limene mayiwa analandira m'mawa wina linafika ku Machinjiri 9 koloko isanakwane. Pofika madzulo, anapiye asanu ndi anayi mwa khumi amene anawagwira anali ndi zithokomiro zodzaza. Wakhumiyo anamuviika mlomo m'madzi kawiri, n'kumuika pafupi ndi chivundikiro cha chakudya, kenako anatuluka kukayatsa makala a usiku.