Podulira nkhani

Wokondedwa mphwanga,

Zigawo za nkhani yako zija ndalandira, ndipo ndawerenga zonse. Kulemba ukutha, pamenepo usakayike. Koma funso lako, loti n'chifukwa chiyani owerenga ayamba kukuthawa chonsecho gawo lililonse ukumalidulira pa mpeni, pa mfuti kapena pa munthu wokomoka, silingayankhike pa foni. Ndiye ndati ndikulembere, ndikuuze komwe mwambo wodula nkhani m'zigawowu udachokera, pakuti amene adauyamba adakomana nalo kalekale vuto lakoli.

Ife tidakulira nthano zothera usiku womwewo. Agogo akaiyamba, Kalulu ankayenera kukhala atathana naye Njovu moto usanazime. Zoti umve theka lero, theka linalo mwezi wa mawa, zidabwera ndi malonda. Inde, m'nthano za Aluya za mausiku 1001 muli Scheherazade, amene ankasiyira nkhani panjira kukamacha kuti mfumu isamuphe. Koma ntchito ukugwira iweyi makolo ake enieni ndi osindikiza mabuku a ku London ndi eni nyuzipepala a ku Paris, ndipo chaka choti uchigwire ndi 1836.

Masiku amenewo ku England buku latsopano la nkhani yopeka linkatuluka m'mavoliyumu atatu, mtengo wake mashileni 31 ndi theka. Antchito ambiri sankaiona ndalama imeneyo ngakhale atakhetsa thukuta sabata yathunthu. Osindikiza awiri, Chapman ndi Hall, adaganiza zogulitsa zithunzi zoseketsa za Robert Seymour mwezi ndi mwezi pa shileni imodzi, n'kupeza mtolankhani wa zaka 24, Charles Dickens, kuti azilemba timawu toperekeza zithunzizo. Seymour adadzipha ntchito itangoyamba kumene. Zitatero zithunzi adazichepetsa n'kukhala ziwiri pa gawo, masamba a nkhani n'kukwera kufika pa 32, ndipo woperekeza uja adasanduka mwini ulendo. Bukulo ndi The Pickwick Papers. Zigawo zoyamba sizidayende malonda. M'gawo lachinayi mudatulukira mnyamata wopukuta nsapato pa nyumba ya alendo, Sam Weller, wapakamwa pakuthwa, ndipo anthu adayamba kulimbirana. Pomwe nkhani inkatha mu 1837, gawo limodzi linkagulidwa makope pafupifupi 40,000.

Taona chomwe chidapulumutsa bukulo. Panalibe wolendewera kuphompho, panalibe mfuti. Anthu ankabwera ndi shileni yawo mwezi wotsatira chifukwa adamusowa Sam, ankafuna kumva kuti lero anena zotani. M'nkhani yako, amene ndidamusowa ine ndi mayi wogulitsa makala uja, ndipo wamusiya m'gawo lachiwiri osamutchulanso.

Masamba 32 aja sadachokere m'mutu mwa mlembi. Anali mapepala awiri akuluakulu a osindikiza, lililonse likapindidwa limapereka masamba 16. Dickens akalemba zopitirira, ankadula. Zikaperewera, ankakhala pansi kuwonjezera. Choncho malire a gawo ankawadziwa asanalembe liwu ndi limodzi lomwe, ndipo luso lake lidakulira m'khola limenelo. Kuyambira pa Dombey and Son, ya 1846 mpaka 1848, gawo lililonse linkayamba ndi pepala limodzi lopindidwa pakati. Kumanzere ankadzifunsa mafunso: wakutiwakuti alowe mwezi uno? Kenako n'kudziyankha yekha kuti inde, kapena ayi, kapena adikire kaye. Kumanja ankandandalika mitu ya gawolo, kawirikawiri itatu kapena inayi, ndi zochitika zake. Mapepala amenewa alipobe, ndipo ukawaona umazindikira kuti ntchito yaikulu ya munthuyu inali kubweza zinthu, kukaniza anthu ake kulowa msanga.

Paul, mwana wodwaladwala wa bambo Dombey, adakonzedwa kuti amwalire m'gawo lachinayi. Dickens adasuntha imfayo n'kukaiika kumapeto kwa gawo lachisanu, kuti owerenga akhale naye mwanayo kanthawi, amuone ali kusukulu, amuzolowere. Gawolo silithera pa funso ayi. Mwana wafa, nkhani yaima, ndipo wowerenga watsala ndi mwezi wathunthu woti alire maliro n'kumadzifunsa kuti bambo amene adaika mtima wake wonse pa mwana wamwamunayu atani naye mwana wamkazi amene samulabadira. Nzimbe amaithyolera pa mfundo. Podulira pabwino ndi pamene chinthu chasinthiratu moti sichingabwererenso mwakale, osati pamene mlembi wangotseka pakamwa chiganizo chili pakati.

Ku Paris zidayenda mwa mtundu wina. Chaka chomwecho cha 1836, Émile de Girardin adayambitsa nyuzipepala ya La Presse pa mafuranki 40 pa chaka, pomwe zinzake zinali pa 80, ndipo chimodzi mwa zokopera ogula chinali nkhani yopeka yotuluka pang'onopang'ono. Posakhalitsa nyuzipepala zidayamba kulimbirana alembi. Eugène Sue adatulutsa Les Mystères de Paris mu Journal des Débats mu 1842 ndi 1843, ndipo nkhani ya Alexandre Dumas ya d'Artagnan ndi anzake atatu aja idatuluka mu Le Siècle mu 1844. Kumeneko wowerenga ankangodikira mpaka mawa kapena mkuja, malo anali kachigawo ka m'munsi mwa tsamba, ndiye nkhani zinkathamanga: mayankhulidwe afupiafupi, chitseko chotseguka mwadzidzidzi, zotsala mawa. Kudula mwankhanza kumayenda ngati kudikira kwake n'kwa usiku umodzi. Ukamudula motero munthu amene adikire sabata kapena mwezi, amafika tsikulo ataiwala kuti mpeni uja unali m'dzanja la yani.

Pakati pa ziwirizi pali nkhani ya sabata ndi sabata, yomwe ndi yako. Dickens adali mkonzi wa magazini otere, Household Words kenako All the Year Round, ndipo iye mwini ankadandaula ndi kuchepa kwa malo polemba Hard Times mu 1854. Elizabeth Gaskell, amene North and South yake idatsatira Hard Times mu Household Words, adakangana naye kwambiri pa za podulira. Mayiyu nkhani zake zimakula mwakachetechete, ndipo sankafuna kuti azimupanikiza kumaliza gawo lililonse ndi phokoso. Ine ndimaona kuti onse awiri ankanena zoona, kungoti nkhani yakeyo sinali ya magazini a sabata ndi sabata. Si nkhani iliyonse imalola kudulidwa.

Chitsanzo chomwe ndikufuna uchiyang'anitsitse ndi Great Expectations. Chakumapeto kwa 1860 malonda a All the Year Round ankatsika chifukwa nkhani ya Charles Lever yomwe inali m'menemo sinkawakoka anthu. Dickens adalowererapo ndi nkhani yake, yomwe idatuluka m'zigawo 36 kuyambira Disembala 1860 mpaka Ogasiti 1861. Anali pa ntchito yopulumutsa bizinesi, ndiye podulira paliponse adapaganizira.

Gawo loyamba: kamnyamata kamasiye, Pip, kali kumanda a makolo ake, kagwidwa ndi mkaidi wothawa amene akukaopseza kuti kabweretse chakudya ndi tupa yodulira unyolo. Gawolo likutha Pip ataba zinthuzo m'nyumba ya mlongo wake, akuthamangira kudambo m'mbandakucha. Gawo lachiwiri wapereka chakudya chija, wabwerera, ndipo pakhomo pali phwando la Khirisimasi. Alendo akudya, akumunyoza mwanayo, iye mtima uli m'mwamba chifukwa akudziwa kuti chitumbuwa cha nyama ya nkhumba chomwe mlongo wake wasungira alendo chili m'mimba mwa mkaidi. Mlongoyo anyamuka kukachitenga. Pip alephera kupirira, athawira kukhomo, n'kugundana ndi asilikali, mmodzi atanyamula unyolo wa m'manja. Gawo lithera pomwepo.

Sabata yotsatira tikumva kuti asilikaliwo sadabwerere Pip. Akufuna mlamu wake Joe, wosula zitsulo, awakonzere unyolowo. Ukhoza kunena kuti watinamiza. Koma taona: unyolowo ndi wokamangira mkaidi yemwe uja, ndipo Joe ndi Pip atsagana nawo asilikaliwo kudambo. Atagwidwa, mkaidiyo anena pamaso pa onse kuti chakudya adaba yekha, kumuteteza mwana uja. Buku lonse latsamira pa usiku umenewo. Funso laling'ono, loti kodi Pip amangidwa, layankhidwa msangamsanga, koma yankho lakelo latsegula funso lalikulu lomwe lidzatenge miyezi. Fanizira ndi gawo lako lachinayi, pomwe mfuti ikulira, ndiye lachisanu likutiuza kuti linali tayala la minibasi laphulika, nkhani n'kupitirira ngati palibe chachitika. Wowerenga ukamuchita zimenezi kawiri, kachitatu sakukhulupiriranso.

Onanso kuti pakati pa gawo lachiwiri lija Dickens sakuthamanga. Watikhazika pa tebulo nthawi yaitali, tikumvera zokamba za akuluakulu odzikonda, tikuona Joe akumuthirira Pip msuzi mwakachetechete pofuna kumutonthoza. Mantha akukula chifukwa chakuti tachedwa pamenepo. Thomas Hardy adachita zofanana mu A Pair of Blue Eyes, yomwe idatuluka mu Tinsley's Magazine mu 1872 ndi 1873. Adamusiya Henry Knight akulendewera pathanthwe pamwamba pa nyanja, ndipo atabwererako sadafulumire kumupulumutsa. Knight ali chilendewerere, maso ake aphana ndi kachilombo kamakedzana kouma m'mwala, n'kuyamba kulingalira za zaka zosawerengeka zomwe dziko lakhalapo, mpaka mtsikana Elfride abwera ndi chingwe chomwe wapota ndi zovala zake zamkati. Pamene pali poopsa m'pamene Hardy akuyenda pang'onopang'ono. Iwe umachita mosemphanitsa: ndewu umaimaliza m'mizere itatu, ulendo wa pa basi n'kuupatsa masamba awiri.

Wolemba m'zigawo amamva mpweya wa owerenga m'khosi nkhani isanathe, ndipo zimenezi zili ndi ubwino ndi kuipa kwake. Malonda a Martin Chuzzlewit atafooka mu 1843, Dickens adamutumiza Martin ku America, ndipo mpaka lero ulendowo umaoneka kuti ndi chigamba. Polemba David Copperfield adaikamo mayi wamfupi kwambiri, Miss Mowcher, amene ankaoneka kuti adzakhala wothandiza pa zoipa. Mayi wina weniweni wa ku London adadzizindikira m'menemo n'kulemba kalata yodandaula, ndipo Miss Mowcher atabweranso m'zigawo za kutsogolo anali munthu wamtima wabwino. Owerenga ako akamakulembera kuti wakuti asafe, uziwamvera kuti udziwe amene amukonda, koma chiwongolero usawapatse.

Mwambowu udafika kuno ku Africa kudzera m'makina osindikizira a mishoni. Moeti oa Bochabela ya Thomas Mofolo idayamba yatuluka m'zigawo m'nyuzipepala ya Leselinyana ku Lesotho isanakhale buku mu 1907. Kwathu kuno ambiri tidauphunzirira pa wailesi, m'masewero opitirira ngati Zimachitika, ndipo ukakumbukira bwino, chomwe chinkatisonkhanitsa pa wailesi chinali kufuna kumva anthu omwe tidawazolowera ngati a pamudzi pathu.

Pali njira inanso ngati ukuona kuti owerenga ako amadumphadumpha masabata. Arthur Conan Doyle adaona kuti munthu akaphonya magazini amodzi, nkhani yopitirira imamutayika ndipo amaisiya. Choncho mu 1891 adayamba kupereka ku magazini a The Strand nkhani za Sherlock Holmes zoti iliyonse izithera pomwepo, koma munthu wake akhale yemweyo. Mayi wa makala uja akhoza kunyamula nkhani za mtundu umenewu.

Chotsiriza ndi cha nkhokwe. Wandiuza kuti gawo umalilemba usiku woti mawa lituluka. Dickens ali mnyamata ankachita zomwezo, koma atakula sankafuna kuyamba kutulutsa asanasunge zigawo zingapo. Pa 9 Juni 1865 sitima yomwe adakwera idachita ngozi pa mlatho ku Staplehurst, anthu khumi n'kufa. Atathandiza ovulala, adakweranso m'bogi yomwe inali itapendekeka pa mlathowo kukatenga mapepala a gawo la Our Mutual Friend lomwe linali lisanapite kwa osindikiza. Patatha zaka zisanu, pa deti lomwelo, adamwalira ali pakati polemba The Mystery of Edwin Drood. Mwa zigawo 12 zomwe adalonjeza zidatuluka zisanu ndi chimodzi zokha, ndipo anthu akukanganabe za yemwe adapha Edwin, ngati adaphedwa n'komwe.

Ndiye pumira kaye masabata awiri, uwauze owerenga ako tsiku lomwe ubwerere, ulembe zigawo zitatu zosunga. Unditumizire pepala lopinda pakati la gawo lotsatira ndisanaone gawo lenilenilo. Upereke moni kwa mayi, uwauze kuti mankhwala awo a maso ndipatsira alamu ako akamabwera kumapeto kwa mwezi.

Ndine,
Mkulu wako