Dzanja Linachira, Manambala Anathawa

Udalaivala wa mathiraki pa doko la Durban ndi ntchito ya manambala. Kontena iliyonse ili ndi zilembo zinayi ndi manambala 7, ndipo munthu ali pamzere wautali wa mu Bayhead Road ayenera kusunga m'mutu geti yolowera ndi nthawi imene wapatsidwa. Bambo wina wa ku Nkhotakota anaigwira ntchitoyi zaka zambiri, akutenga katundu padokopo n'kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kukalowa ku Mwanza. Sitiroko itawagwira, mwendo unayambanso kuyenda, dzanja linatsatira, ndipo achibale anati bambo achira. Koma akauzidwa manambala atatu, yachitatu isanafike n'komwe yoyamba inali itathawa kale.

Kulumala kotere n'kowawa chifukwa sikuoneka. Wotsimphina anthu amamupatsa mpando. Woiwala amamunena kuti wayamba ulesi, ena n'kunong'ona za ufiti.

Mwana wawo wamkazi ndiye anamva za maginito. Njirayi, yotchedwa TMS, anaionetsa koyamba Anthony Barker ndi anzake ku Sheffield mu 1985. Chipangizo chooneka ngati nambala 8 chimaikidwa pamutu, mphamvu ya maginito n'kudutsa chigaza popanda mpeni, n'kukadzutsa timagetsi tochepa m'minyewa ya pamwamba pa ubongo. Kugunda mofulumira kumautakasa ubongo pamalopo, pomwe kugunda kamodzi pa sekondi kumauziziritsa. Akatswiri ena amaganiza kuti mbali yaubongo yosavulala imapondereza inzake yovulala, choncho amafooketsa yamphamvuyo kapena kulimbikitsa yofookayo. Pa vuto la kuiwala, nthawi zambiri amalunjika kutsogolo chakumanzere, kuseri kwa chipumi.

Nanga adziwa bwanji kuti zasintha? Apa mpamene pamabwera makina a MRI. Kujambula kwa mtundu wa fMRI kumatsata mpweya wa m'magazi, n'kuonetsa zigawo zaubongo zimene zikugwirira ntchito limodzi. Wodwala amajambulidwa asanayambe ndiponso atamaliza. Zithunzi zake n'zokongola, ndipo m'kukongolamo ndi momwe muli msampha: ubongo ukhoza kuwala bwino pakompyuta, mwiniwake akuiwalabe nambala ya geti.

Ku America boma linavomereza TMS mu 2008 pochiza matenda a kukhumudwa kwakukulu, osati sitiroko. Pa kuiwala kobwera ndi sitiroko, kafukufuku wambiri ndi wa odwala ochepa, otsatiridwa nthawi yochepa. Kafukufuku wamkulu wotchedwa NICHE, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018, anayesa maginito pa dzanja lofooka, ndipo amene analandira enieni sanapose amene anangonamiziridwa. Komanso amene amagwa khunyu kapena ali ndi chitsulo m'mutu ayenera kuunikidwa kaye mosamala.

Banjali tsopano lagawikana. Mwana akufuna ndalama zimene bambo anasunga zipite kwa madokotala olipira, ayese maginitowo. Mayi akuti abwerere kumudzi, popeza ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre, ndipo pa Queen Elizabeth Central Hospital makina a MRI anafika mu 2008. Bambowo amamvetsera onse awiri, n'kuvomereza aliyense. Maganizo awoawo anauza mwanayo kuti awalembere m'kabuku, kuti mawa asadzavomereze zina: akufuna kukapimidwa kaye BP, ndipo thiraki sadzayendetsanso.