Kwa mwana wanga amene akukayamba uphunzitsi

Mwana wanga,

Za kusamala malipiro, za kupemphera ndi za kukhala bwino ndi eni mudzi amayi ako akuuza mokwanira. Ine ndili ndi nkhani imodzi, ya mwana amene ukamupeze m'kalasi mwako akumaliza masamu anzake asanatsegule n'komwe makope.

Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi ndi odzaza, moti ana 100 kwa mphunzitsi mmodzi si zachilendo. Maso ako akathamangira kwa otsalira, ndipo n'koyenera. Koma wanzeru uja amaiwalika chifukwa aliyense amati "ameneyo ngodziwa kale". Akatopa n'kudikira amayamba kulongolola, kufunsa mafunso osatha, mwinanso kukukonza pa bolodi. Aphunzitsi ena amati ndi mwano, n'kumupatsa chibalo chokumba dzenje, kapena kumusandutsa wolemba mayina a ochita phokoso chaka chonse. Kumeneko n'kutaya mwana. Akakukonza ndipo walondola, umuthokoze anzake akumva. Akamaliza msanga usamuwonjezere masamu ofanana ndi omwe wakhoza kale. Mupatse funso limodzi lomutulutsa thukuta, ngakhale la m'buku la kalasi yapatsogolo. Kuthandiza anzake n'kwabwino, koma osati tsiku lililonse, pakuti nayenso wabwera kudzaphunzira.

Ukumudziwa William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 itavuta, makolo ake adasowa fizi ndipo adasiya sekondale. Chomwe chidamupulumutsa ndi kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulayimale kwawo komweko. M'menemo adapeza buku lotchedwa Using Energy, ndipo poyang'ana zithunzi, Chingerezi chikumuvuta, adamanga makina opanga magetsi ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotola, mitengo ya bulugama ndi njinga ya bambo ake. Anthu ankati wapenga. Mu 2014 adamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America. Chimene chimandikhudza ine pa nkhaniyi n'chakuti munthu wina adalola mnyamata wosiya sukulu kubwereka buku. M'sukulu zambiri mabuku amakhala otsekeredwa mu ofesi ya ahedi kuopa kung'ambika, mpaka chiswe n'kuwadya. Ukapemphe kiyi mwaulemu, ulembe mayina a obwereka, mabukuwo atuluke.

Usayeze nzeru ndi nambala ya pa mayeso yokha. Uyang'ane amene amapanga galimoto zamawaya zokhala ndi chiwongolero chokhotadi, amene amagwira nyimbo atangoimva kamodzi, ndi mtsikana wa kumbuyo amene anazizira pofika Sitandade 5, maphunziro atayamba kuperekedwa m'Chingerezi. Mfunse m'Chichewa, udzadabwa.

Kenako upite kwawo kwa mwanayo. Osatuma kalata, upite wekha, ukhale pamkeka, upereke moni bwinobwino. Makolo ambiri sadziwa chimene ali nacho m'nyumba. Usakalankhule ngati wowadzudzula, chifukwa pomutuma mwana ku ganyu ndi kukatunga madzi sachitira nkhanza, ndi moyo umene. Ukangopempha zinthu zotheka: kanthawi kowerenga dzuwa lisanalowe, tochi usiku, kusajomba nthawi yokolola. Uwapemphenso ziwiri zovutirapo. Asamamuyerekeze ndi abale ake, pakuti zimenezo zimabala chidani m'nyumba. Ndipo asamamuuze kuti "ndiwe udzatichotse mu umphawi". Mwana wa zaka 12 sangasenze mawu otere. Ena amafika poopa funso lililonse lovuta, kuopa kukhumudwitsa banja lonse. Ngati ndi mtsikana ndipo wayamba kunenedwa za banja, amayi a mother group akuthandize, usalimbane nazo wekha.

Akayandikira mayeso a MANEB a Sitandade 8, uyambiretu kufunsa za thandizo kwa ahedi, kwa a PEA (alangizi a sukulu za pulayimale), ku tchalitchi kapena ku mzikiti, ndi ku ofesi yosamalira anthu ya kwa DC. Mwana akhoza kusankhidwa kupita ku Dedza Government kapena ku Lilongwe Girls, malo ake n'kupita pachabe chifukwa chosowa yunifolomu, bulangete ndi ndalama yokwerera basi. Zimenezi uzikonze zotsatira zisanatuluke.

Ukafika utiimbire foni.

Ndine bambo ako.