Mgaiwa Umene Ndinaunyoza

Makolo athu anati m'mimba ndi m'cipala. Ponena mau amenewa anali kutanthauza kuti ana a mai mmodzi amasiyana mitima, monga momwe khasu ndi nkhwangwa zimatulukira pa moto umodzi. Ine ndinafika pa ukulu ndisanadziwe kuti mwambi umenewu uli ndi tanthauzo linanso. M'mimba mwa munthu aliyense, mwamuna kapena mkazi, mumasulidwa zinthu zimene zimalamulira njala, kukhuta ndi shuga wa m'magazi. Zimenezi ndinaziphunzira mocedwa, ndiponso mowawa.

Ndinakulira m'mudzi wina kufupi ndi Katete. Amai anali kuphika nsima ya mgaiwa pamene cimanga cacepa m'nkhokwe, popeza kukonola kumataya cakudya cambiri. Motero kwa ife ana mgaiwa unali cizindikiro ca njala. Nditayamba nchito yauphunzitsi ku Lusaka, ndinalumbira mumtima kuti ana anga sadzalawa zakudya zaumphawi. M'nyumba mwanga munali kulowa thumba la breakfast lokha. M'mawa unali tiyi wa shuga masupuni atatu ndi buledi woyera. Madzulo, nyama yosambira m'saladi. Amai akabwera kudzaceza atasenza khobwe ndi mfutso, ndinali kuzipereka kwa wanchito. Iwo sanakwiye. Anangoti, "Mwana wanga, mimba yako siidziwa kuti unasamukira m'tauni."

M'caka ca 2018, ndiri ndi zaka 49, thupi linayamba kundipandukira. Kumwezi ndinali kupita modumphadumpha, usiku ndinali kudzuka zovala zitanyowa ndi thukuta, ndipo kudzimbidwa kunali kundigwira masiku atatu kapena anai. Ludzu ndi njala sizinali kutha. Mimba ikavuta ndinali kugula makapisozi pa kantemba popanda kufunsa dokotala. Coipa koposa unali mtima wapacala. Tsiku lina ndinakalipira mpongozi wanga pamaso pa alendo cifukwa ca mcere wa m'ndiwo, iye n'kulongedza katundu wace, kupita kwao pamodzi ndi mdzukulu wanga. Anzanga ena anayamba kunong'ona kuti pamenepa pali dzanja la munthu.

Amuna anga ndiwo anandikakamiza kupita kucipatala. Dokotala, mai wodekha mtima, atapima magazi anandiuza zinthu ziwiri: ndafika pa msinkhu wosiya kusamba, ndipo ndiri ndi matenda a shuga. Atandilembera mankhwala anafunsa funso limene linandicititsa manyazi: "Amai, kodi kunyumba mumadya ciani, ndipo kucimbudzi mumapita kangati pa sabata?" Zimene anandifotokozera tsiku limenelo, ndi zina zimene ndawerenga pambuyo pace, ndizo ndifuna kugawana nanu, okondedwa awerengi.

Mahomoni ndi amithenga a m'thupi. Ndi timadzi topangidwa m'ciwalo cimodzi, toyenda m'magazi kukauza ciwalo cina zoyenera kucita. Ine ndinali kuganiza kuti mahomoni ndi nkhani ya ubereki yokha, osadziwa kuti homoni yoyamba kudziwika inapezeka m'matumbo. Munali mu 1902 pamene William Bayliss ndi Ernest Starling, akatswiri a ku London, anatulukira secretin, imene imauza kapamba kuti atsanulire madzi ace ogaya cakudya. Mu 1999 akatswiri a ku Japan anapeza ghrelin, imene cifu cimatumiza ku ubongo kukanena kuti kuno kuli njala. Palinso GLP-1, imene matumbo amatulutsa tikadya. Iyo imathandiza kapamba kutulutsa insulin yotsitsa shuga, ndipo imauza ubongo kuti takhuta.

Tsono m'matumbo aakulu mumakhala mabakiteriya osawerengeka, ndipo ambiri a iwo si adani koma anchito athu. Cakudya cao ndi cimene madokotala amacha fibre: gaga wa cimanga, makoko a nyemba ndi timinyewa ta m'masamba ndi m'zipatso, zimene ife patokha sitingathe kugaya. Iwo akazigaya amatulutsa timadzi todyetsa khoma la matumbo ndiponso tothandiza kuti GLP-1 ituluke. Koma ufa woyera ndi shuga zimalowa m'magazi mofulumira zisanafike kumene iwo ali. Shuga amakwera, iwo n'kugona ndi njala. Ndipo makapisozi amene ndinali kumwa mwacisawawa anali ngati moto wa kuthengo, umene susankha pakati pa njoka ndi mazira a nkhwali.

Kwa ife akazi palinso nkhani ya oestrogen, homoni yaikulu yacikazi. Ikagwira nchito yace, ciwindi cimaimanga ndi kuitayira m'matumbo pamodzi ndi ndulu. Kumeneko mabakiteriya ena amaimasula, ndipo gawo lina limabwerera m'magazi. Motero matumbo ali ndi mbali pa kuculuka kwa oestrogen imene imatsala m'thupi. Njira imeneyi ndi yopita ndi kubwera, pakuti mahomoni nawo amalamulira matumbo. Progesterone imacedwetsa matumbo, n'cifukwa cace amai apakati ambiri amadzimbidwa. Cithokomiro cikafooka munthu amadzimbidwa, cikagwira nchito mopyola muyeso amatsekula m'mimba. Ndipo ndani wa ife sanamvepo m'mimba mukuwira pa tsiku la mayeso kapena la mlandu?

Cimene cinandilasa mtima ndi nkhani ya Denis Burkitt, dokotala wa opareshoni amene anagwira nchito zaka zambiri ku Uganda. Iye anaona kuti kudzimbidwa ndi khansa ya m'matumbo, zimene zinali zofala ku Ulaya, zinali zosowa pakati pa anthu a m'midzi ya mu Africa, ndipo m'zaka za m'ma 1970 analalikira kwa azungu anzace kuti abwerere ku zakudya zosakonola. Ndiye kuti pamene ine ndinali mwana wonyoza mgaiwa wa amai, anthu ophunzira anali kuusirira.

Bungwe la World Health Organization limalangiza munthu wamkulu kudya fibre yosacepera magalamu 25, ndi masamba ndi zipatso zosacepera magalamu 400 pa tsiku. Ine ndiribe sikelo m'khichini. Ndinangobwerera ku mbale ya amai: cimanga cogayitsa kucigayo cosakonola, nsima yocepa, nkhwani wotendera, therere, khobwe, nyemba, mbatata yophika ndi makoko ace, masuku ndi malambe pa nyengo yace. Masabata oyamba mpweya unandisautsa, mpaka ndinaphunzira kuonjezera pang'onopang'ono ndi kumwa madzi ambiri. Patapita miyezi ingapo kudzimbidwa kunatha, njala yosalekeza ija inazirala, ndipo shuga anatsika.

Ndisakunamizeni, anzanga. Mankhwala a shuga ndikumwabe kufikira lero, ndipo palibe ndiwo imene ingabweze msinkhu wosiya kusamba, pakuti umenewo umadza mazira a mkazi akatha. Cenjerani ndi ogulitsa mankhwala otsuka m'mimba amene amalonjeza kukonza mahomoni m'sabata limodzi. Matumbo safuna kutsukidwa, afuna kudyetsedwa. Ndipo mukaona magazi m'cimbudzi, kuonda kosadziwika cifukwa cace, kapena kutaya magazi mutasiya kale kusamba, musayambe ndi kusintha ndiwo. Pitani kucipatala.

Panatsala mlandu umodzi umene nyemba sizikanatha kuukonza. Ndinakwera basi kupita kwa makolo a mpongozi wanga, ndipo ndinagwada pamaso pace. Sindinanamizire mahomoni, cifukwa lilime limene linamnyoza linali langa. Iye analira, nandidzutsa, nati, "Amai, zatha." Madzulo amenewo anatiphikira nsima ya mgaiwa ndi mfutso wotendera, akupepesa kuti ufa woyera unali utatha. Ndinamuuza kuti asapepese.

Amai anatisiya ndisanawauze kuti anali kunena zoona. Cimene ndingathe tsopano ndi kutengera mdzukulu wanga kucigayo Loweruka, ndi kumuonetsa kuti gaga sitisiyira nkhuku zokha.