Njanji ya ku Luchenza imakumbuka Mutarara

Ukatsika minibasi pa Thyolo Boma m'mamawa, umaona ngati kuno mavuto sadafikeko. Tiyi ali biriwiri mapiri onse, nkhungu ili pansi, amayi madengu kumsana akuthyola masamba. Ine ndidapita kukajambula minda ya Satemwa, yomwe idayamba mu 1923. Koma agogo anga, omwe akalambira m'minda ya tiyi, adandidula: "Iwe, zithunzi zokhazokha basi? Tiye ku Luchenza ukaone njira imene idandibweretsa kuno."

Pa Luchenza pamadutsa njanji. Kale tiyi wa ku Thyolo ankakwera sitima pamenepa, kudzera ku Thekerani, Chiromo ndi Nsanje, n'kuoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana kupita ku doko la Beira. Mlathowu, wotalika makilomita 3.7, udatsegulidwa mu 1935, ndipo tsidya lino lake kuli tauni ya Mutarara, kwawo kwa agogo. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, wogwira Mutarara ndiye anali atagwira mlatho. N'chifukwa chake boma la Frelimo ndi zigawenga za Renamo ankailimbirana.

"Matsanga adatizinga," adatero agogo, kunena a Renamo. "Kumsewu mabomba okwirira, kumbuyo madzi a ng'ona. Mchere udatha, ufa udatha, tidayamba kudya nyika."

Mu 1986 tauniyo idagwa m'manja mwa Renamo ndipo mlatho udaphulitsidwa. Asilikali a boma ndi anthu wamba adathawira ku Malawi. Agogo adayenda usiku motsata njanji mpaka ku Nsanje, atagwira dzanja mayi anga, omwe anali kamwana. Kenako adakwera kuno kudzasaka ganyu.

Nkhondoyo idakhudzanso mindayi. Njira ya ku Beira itatsekeka, tiyi wambiri ankayenda pa malole mpaka ku Durban, ulendo wautali ndi wodula. Njanji imene inkatsitsa tiyi idasanduka yolondolera othawa nkhondo, omwe m'Malawi muno adafika pafupifupi 1 miliyoni.

Mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo ambiri adabwerera kwawo.

"Nanga inu agogo, bwanji simudapite?"

Adayang'ana njanji kolowera kum'mwera. "Ndikapeze ndani? Agogo ako aamuna adati tsogolani, ndikupezani ku Nsanje. Mpaka lero."

Pobwerera sindidatulutsenso kamera. Mukadzabwera kudzaona tiyi wa ku Thyolo, patulaniko ola limodzi mufike pa Luchenza.