Tuku wa ku Machipisa ndi Tuku wa Sarawoga

Mukafunsa madoda a ku Highfield amene anali anyamata m'zaka za m'ma 1970 kuti Oliver Mtukudzi weniweni ndi uti, yankho silichedwa: ndi uja wa Dzandimomotera, wowonda ngati bango, woyimba ku Club Mutanga mpaka tambala kulira. Ana awo amakana, amati Tuku anapsa bwino mu 1999 pa chimbale cha Tuku Music. Zimbale zimene mkuluyu anatulutsa imvi zitamera sizilowa n'komwe m'mkanganowo. Amangoti anali atatopa, nyimbo zinkakwawa. Ine ndimaona kuti pamenepa anthu amamulakwira, makamaka pa chimbale cha Sarawoga cha mu 2012.

Kuti munthu amvetse chimene madoda aja amalirira, ayenera kudziwa mmene nyimbo inkamvekera m'malokesheni kalelo. Mtukudzi anabadwira ku Highfield komweko mu 1952, mzinda wa Harare ukutchedwa Salisbury. Makolo athu ochokera ku Nyasaland, amene anadutsa ku Tete kudzafuna ntchito m'mafakitale ndi m'nyumba za azungu, anali atadzaza ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara. Loweruka gule wamkulu ankatuluka, Lamulungu m'mawa anthu ku CCAP, masana kumsonkhano wa bungwe la maliro, ndipo pakati pa zonsezi panali galamafoni. Si nyumba iliyonse inali nayo. Amene anagula wailesi ya Supersonic yokhala ndi poika mbale ankatsegula zenera, ndiye mzere wonse wa nyumba unkamvera naye, wofuna ndi wosafuna yemwe. Mbale yaing'ono ija inali ndi nyimbo imodzi uku, ina uku. Inkazungulira mpaka singano kutha, moti pofika Lolemba ngakhale agogo osamva Chishona bwino anali ataloweza.

Mu 1977 Mtukudzi analowa gulu la Wagon Wheels, momwe munalinso Thomas Mapfumo. Chaka chotsatira, ali ndi gulu lake la Black Spirits, anatulutsa Ndipeiwo Zano. Nkhondo yomenyera ufulu inali itakolera kumidzi, apolisi ankatchera khutu, choncho oyimba anaphunzira kuphiphiritsa: nyimbo ikukamba za mavuto a munthu mmodzi, koma aliyense m'holo akudziwa amene akunenedwa. Kenaka 1980, chaka cha ufulu, inafika, khwimbi la anthu ku Zimbabwe Grounds mu Januwale, Bob Marley ku Rufaro mu Epulo, Tuku ndi chimbale cha Africa. Munthu amene anavina nyimbo zimenezo ali ndi zaka 20, fumbi la ku Machipisa, ku Highfield komweko, lili m'mapazi, simungamuuze kuti pali china choposa. Chimene akukumbukira ndi miyendo yake yomwe.

Zaka zotsatira sizinali za Tuku kwenikweni. Nyimbo za sungura zinalanda mabwalo: Leonard Dembo, John Chibadura, ndi Khiama Boys ya Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso, ana a kwathu amene ankaponyamo Chichewa ife n'kumadzimva kuti tiliponso. Tuku anadzuka ndi filimu ya Neria, kenaka Tuku Music, chimene anajambula ndi Steve Dyer wa ku South Africa, chinamutengera kunja kwa nyanja. Todii inakamba za Edzi pa nthawi imene pamaliro anthu ankangoti malemu anadwala nthawi yaitali. Wasakara inamvedwa ngati ikuuza Robert Mugabe kuti wakalamba, ngakhale mwini wake ankakana. Nyengo imeneyi siifuna womuikira kumbuyo.

M'bandakucha wa pa 15 Malichi 2010, mwana wa Tuku, Sam, wazaka 21, anafa pa ngozi ya galimoto pafupi ndi Kuwadzana, pa msewu wopita ku Norton. Anafera limodzi ndi mnzake Owen Chimhare. Sam sanali mwana chabe. Ankaliza gitala ndi sakisofoni, anali atatulutsa kale chimbale chake, Rume Rimwe, ndipo ankakwera nsanja imodzi ndi bambo ake. Sarawoga, kutanthauza wotsala yekha, chinabadwa m'maliro amenewa.

Chimayamba mosayembekezeka. Nyimbo yoyamba yatsamira pa mawu a anthu, wina kutsogolera ena kupolokoza, monga zimakhalira pa siwa usiku ukafika pakati. Magitala aja amene tinazolowera kuti ndiwo atsegula njira amadikira kaye. Akalowa, salimbana. Pofika nthawi imeneyi Tuku anali atachepetsa kale phokoso m'gulu lake, atapatsa malo malimba ndi maseche, ndipo gitala yake yopanda magetsi ndiyo inkagwira msana wa nyimbo. Mawu ake anali osasa kuyambira kale, koma apa anatsika, analemera, ndipo anaphunzira kusiya mpata. Mnyamata wa ku Mutanga ankathamangitsa mzere uliwonse kuti ovina asakhale pansi. Bambo wa zaka 60 amatchula mawu awiri atatu, n'kukhala chete, ng'oma ya katekwe ya kwawo kwa Akorekore n'kumayenda yokha.

Chimene ndimachilemekeza kwambiri ndi chakuti sanagulitse misozi. Woyimba wina akanadzaza chimbale chonse ndi dzina la mwanayo, wailesi n'kumaliza usana ndi usiku, ndalama n'kulowa. Iye analira pachiyambi, kenaka anabwerera ku ntchito yake ya masiku onse, yolangiza, yodzudzula, yofunsa anthu za khalidwe lawo. Nyimbo ngati Watitsvata ndi Matitsika zimavinika ndithu. Koma chisoni chija sichichoka, chimakhala pansi pa zonse, ndipo amene anaikapo mwana m'manda amachimva ngakhale pamene ng'oma yafulumira. Namfedwa wachikulire amatero: alira, apukuta m'maso, n'kufunsa ngati alendo alandira chakudya.

Sindikunena kuti chilibe chilema. Nyimbo zina zimatalika kupyola pamene mfundo yathera, ndipo pali malo pamene mphunzitsi amaposa woyimba. Vuto limenelo lili m'zimbale zake zambiri zakumapeto. Koma ndi vuto la munthu amene ali ndi zonena zochuluka, ndipo ndilolera limenelo kusiyana ndi la wosowa chonena.

Nanga bwanji malokesheni sanachilandire monga analandirira zakale? Harare wa 2012 sanali wa zenera lotsegula uja. Anthu anali atadutsa mu Murambatsvina wogwetsa nyumba wa 2005, m'kugwa kwa ndalama ndi kolera wa 2008 amene anasesa ku Budiriro ndi Glen View. Ambiri mwa amene akanagula chimbalecho anali ku Johannesburg ndi ku London. Otsala ankagula ma CD okopera pa dola imodzi ku Mbare Musika, ndipo posakhalitsa ngakhale amenewo anatha ntchito, nyimbo zinalowa m'mafoni. M'makombi munkalira Zimdancehall, yambiri yophikidwa m'kachipinda ka Chillspot ku Matapi, kugunda kumodzi oyimba ambirimbiri, aliyense mphindi zake zochepa. Sindiwanyoza anawa, akuyimba za njala ndi ulova wawo monga Tuku ankayimbira za nthawi yake, ndipo iye mwini anajambula Panorwadza Moyo ndi Winky D wa ku Kambuzuma mu 2016. Kungoti chala chimene chazolowera kudumpha nyimbo isanafike pakati sichingapirire chimbale chofuna ola lathunthu munthu atakhala pansi. Kale tinkamvera kwambiri chifukwa tinali ndi zochepa.

Tuku anapitirizabe: Mukombe weMvura mu 2014, Eheka Nhai Yahwe mu 2016, Hany'ga mu 2018, zimbale zonse pamodzi zitapyola 60. Anamwalira pa 23 Januwale 2019 ali ndi zaka 66, patatha chaka chenicheni chimwalirire mnzake Hugh Masekela. Boma linamutcha ngwazi ya dziko, koma anakaikidwa kwawo ku Madziwa, osati ku Heroes Acre.

Ku Norton anasiya Pakare Paye, malo amene anatsegula mu 2003 kuti achinyamata aziphunzirirapo luso. Mukamvera amene anadutsa pamenepo, monga Mbeu ndi Munya Mataruse, mudzapeza kuti anatengera Tuku amene anamuona ndi maso awo: gitala yopanda magetsi, malimba, ng'oma yosathamanga, mawu oyalidwa mofatsa. Wa ku Club Mutanga uja iwo sanamupeze.