Pa Doko la Manikarnika, Pamene Moto Suzima

Mzinda wa Varanasi, umene ena amautchula kuti Banaras, uli m'mbali mwa mtsinje wa Ganges kumpoto kwa dziko la India. Ife a kunyanja tikamva za doko timaganiza za mabwato ndi usipa wa pathandala, koma madoko a kumeneko, otchedwa ghat, ndi masitepe amiyala otsikira kumadzi. Awiri mwa madokowa, Manikarnika ndi Harishchandra, ndi owotcherapo maliro usana ndi usiku. Ahindu amakhulupirira kuti wofera mumzindawu amapeza moksha, ndiko kuti sadzabadwanso kachiwiri padziko lino.

Mlendo akamayandikira Manikarnika amayamba waona milu ya nkhuni ndi masikelo, pakuti nkhunizo amagulitsa poyeza kulemera kwake. Thupi limabwera pamachira a nsungwi, nkuliviika mumtsinje, kenaka nkuligoneka pamulu wa nkhuni wotchedwa chita. Moto sayatsa ndi machesi. Amakapala kwa anthu a mtundu wa Dom, amene ntchito yao kuyambira makolo ndi kusunga moto wa padokopo. Mwana wamwamuna woyamba, atameta mpala ndi kuvala zoyera, amazungulira thupi nkuyatsa chakumutu. Mwambowu ndi mukhagni, kutanthauza moto wa pakamwa. Pakapita maola ngati atatu, phulusa amalithira m'madzi.

Dzina la mwambo wonse ndi antyeshti, kutanthauza nsembe yomaliza. Apa mpamene pagona nkhani: kwa iwo thupi ndi chopereka chimene amachipereka kumoto. Mawu athu akunena zina. Timati ghusl, kusambitsa. Kafan, nsalu yoyera yokulungira. Swala ya Janaza. Ndi lahd, kachipinda ka m'manda koyang'ana ku Qibla. Onsewa ndi mawu osunga, chifukwa thupi ndi amana ya Allah, ndipo timalibwezera kudothi kudikira tsiku louka. Surat Al-Maidah ikutiuza kuti khwangwala wofukula pansi ndiye anaonetsa mwana wa Adam (AS) kakwiriridwe ka mbale wake. Choncho Msilamu sawotchedwa.

Komatu kusiyana kumeneku si chilolezo chonyoza. Mumzinda womwewu muli Asilamu ambiri, owomba nsalu za silika zotchuka, ndipo mzikiti wa Alamgir waima pamwamba pa doko la Panchganga. M'chaka cha 2021, mliri wa Covid-19 utavuta ku India, kunamveka za Asilamu amene ananyamula maliro a anansi awo achihindu. Mtumiki (SAW) mwini wake anaimirira pamene maliro a Myuda ankadutsa, nakumbutsa maswahaba kuti ameneyonso anali munthu.

Abale ndi alongo, tiwaphunzitse ana athu mawu a maliro athu ndi matanthauzo ake, kuti adzadziwe kutisambitsa ndi kutiika. Tiwaphunzitsenso kugwira pakamwa maliro a ena akamadutsa. Allah atipatse mathero abwino. Amin.